Masiku Atatu M'kanyumba Kapamadzi

Hong Kong, 11 Januwale 1998

Okondedwa Manang Noring,

Moni wa chaka chatsopano, akulu anga. Muli bwanji kumeneko? Nanga mwana wanga Jovelyn? Ine ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira, ndipo agogo a m'nyumba muno ayamba kuiwalaiwala. Dzulo mano awo ndawapeza m'poto wa mpunga.

Nkhani yabwino ndi iyi: abwana andilola kubwera mu Epulo, masabata awiri, kudzaona Jovelyn akumaliza sekondale. Zaka khumi ndi chimodzi ndili kuno, chimwalirireni bambo ake panyanja, kwathu ndabwerako katatu kokha. Ulendo uliwonse nyumba imadzaza abale odzaona zimene ndabweretsa, mwana wanga n'kumangomuonera patali akuthirira alendo khofi. Ulendo uno ayi.

Sabata yatha ndikupukuta tebulo ndinatsegula magazini ya adona. Kuona chonchi, hotela yanu ija ya pachilumba! Tinyumba tofolera ndi masamba a kanjedza titandandalika pamadzi obiriwira, mlatho wamatabwa pakati. Adona akuti, "Delia, kumeneku ndi kwanu? Nanga kuno ukufuna chiyani?" Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinati dikirani.

Manang, ndikufuna masiku atatu m'kanyumba kamodzi mwa timeneto, ine ndi Jovelyn, awiriwiri. Za mtengo musadandaule, ndinayamba kale kukonzekera. Inu poti ndinu amene mumachapa ndi kuyala nsalu za mmenemo, mukutidziwa bwino. Kabwino ndi kati? Ine mtima uli pa ka kumapeto kwa mlatho, kokhala ndi galasi pansi loonera nsomba ndi makwerero otsikira m'nyanja. Mundifunsireko ku ofesi kuti boti la alendo limanyamuka nthawi yanji. Ndikufuna tidzadzuke dzuwa litakwera, wina atibweretsere chakudya, tidye nkhanu zikuluzikulu zija mpaka titope.

Muno ndaikamo kalata ina yaing'ono, yomata, ya Jovelyn yekha. Mumupatse. Khadi lake la Khirisimasi linali ndi mizere itatu, ndipo linayamba kuti "Mama Delia," ngati ndine mnansi wa kutsidya kwa msewu. Inu akamakutchulani amangoti Nanay, mayi, osaonjezera dzina. Sindikudandaula, ndangozindikira.

Mundiyankhe msanga.

Ndine mng'ono wanu,
Delia


Taytay, 3 Febuluwale 1998

Delia mng'ono wanga,

Kalata yako yafika, yatha masabata atatu m'njira. Kuno tonse tili bwino. Mphepo yavuta, asodzi sakupita kutali, tikungodya nsomba zouma. Jovelyn akuwerenga mwakhama, aphunzitsi akuti mwina alandira mendulo.

Za kanyumba kako ndamva. Sindikukuletsa, thukuta ndi lako. Koma poti wandifunsa ngati wochapa, ndikuyankha ngati wochapa. Chithunzi sichinunkha, Delia. Madzi akaphwa, pansi pa tinyumbato pamatuluka fungo la ndere zowola. Mu Epulo m'nyanja mumadzaza tizilombo toyabwa tija, munthu sungasambire. Komanso mmenemo mumagona Ajapani ndi azungu ongokwatirana kumene. Iwe ukadzatera padoko, wodzakulandira ndi madzi a kokonati ndi Berting, uja munkakhala benchi limodzi ku pulaimale. Adzakunyamulira chikwama, adzakutchula kuti adona. Udzamuyang'ana bwanji?

Ife tinabadwira m'nyumba yapamadzi, yansungwi, ya bambo athu. Nsomba tinkaziona pamipata ya pansi osalipira kanthu. Waiwala kuti unkalira kuti ukufuna nyumba ya kumtunda ngati ya ana a aphunzitsi? Lero wawoloka nyanja kukagwira ntchito kuti udzagonenso pamadzi. Ayi, dziko ndi lozungulira ndithu.

Nkhanu usadzamugulire mwanayu. Akadya amatupa milomo, kupuma kumamuvuta. Zinayamba ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndinathamanga naye kuchipatala thovu la sopo lili m'manja. Ndinakulembera nthawi imeneyo, mwina unaiwala.

Zoti akukutchula Mama Delia, ine sindinamuphunzitse. Mwana amatchula chimene akuona.

Bwera ukhale kunyumba ngati munthu wa pakhomo. Chipinda chako ndichikonza.

Ndine mkulu wako,
Noring


Taytay, 6 Febuluwale 1998

Crispin mchimwene wanga,

Uli bwanji kumchengako ku Dammam? Msana uja unachira? Chaka chino ubwera, kapena tikuiwale?

Ndikulembera iwe chifukwa ndikapanda kuuza munthu ndiphulika. Mlongo wako Delia akubwera mu Epulo, koma akuti sadzangokhala kunyumba. Akufuna kukagona kuhotela kwathu, m'tinyumba tapamadzi, iye ndi Jovelyn, awiriwiri. Mawu akuti awiriwiri anawatsindika mpaka cholembera chinaboola pepala. Ndiye ganiza, Crispin. Ine m'mawa ndigogode, ndinene kuti "Zikomo, ndakonza chipinda," mng'ono wanga atakhala pakhonde miyendo ili m'mwamba, ndi mwana amene ndamulera ine akundiona ndikunyamula zinyalala zawo. Zaka zisanu ndi zitatu ndikuyala mabedi amenewo, sindinakhalepo ngakhale m'mphepete.

Koma chachikulu si chimenecho. M'kalata yake anaikamo ina yomata ya Jovelyn. Ndinaiika pa nthunzi ya ketulo, inatseguka yokha. Usandiyang'ane choncho, ndikukuona. Akuti kumeneko akufuna akakambirane zoti mwana apite ku Manila kukaphunzira unamwino, azikakhala kwa mnzake wina, akadzamaliza adzapite kunja. Wakonza zonse, ine osandifunsa ngakhale liwu limodzi. Ndicho chifukwa chake akufuna pamadzi, pamene ine sindingamve.

Mwamuna wanga Doming anandisiya chifukwa sindinamuberekere, ukudziwa. Mwana uyu anabwera m'nyumba mwanga ali ndi zaka zisanu, akukodza pamphasa, akulira mayi ake pakhomo mpaka mawu kusasa. Nsabwe ndamuchotsa ine, chikuku ndadwazika ine, tsiku loyamba kuona kumwezi anathamangira kwa ine. Winayo amatumiza mabokosi a chokoleti ndi nsapato zosamukwana. Lero akubwera ndi galasi loonera nsomba, masiku atatu, ndipo ndikudziwa kuti apambana. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi angasankhe chiyani pakati pa Manila ndi ine wonunkha sopo?

Kalatayo sindinamupatse. Ili m'chitini cha mabatani. Ndimupatsa akamaliza mayeso, asasokonezeke.

Delia usamuuze.

Manang wako,
Noring


Hong Kong, 1 Malichi 1998

Manang,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino, poti mphamvu zolemba mawu obaya muli nazo.

Za nkhanu sindinaiwale chifukwa chosasamala. Chaka chimenecho ndinali kwa abwana oyamba aja, amene ankasunga makalata anga mpaka mwezi uthe. Koma zikomo pondikumbutsa kuti mwana wanga simudziwa. Zafika.

Lamlungu, pamene ife antchito a m'nyumba timacheza titakhala pamakatoni m'tauni muja, ndinakumana ndi mnzanga Precy, wangobwera kumene kuchokera kwathu. Ndinamufunsa za fungo la ndere. Anaseka mpaka kutsamwa. Akuti mlamu wake amayendetsa boti la hotela yomweyo, ndipo pansi pa tinyumbato madzi saphwa n'komwe. Kenaka akuti, "Iii, Jovelyn uja ndi wako? Ine ndimayesa ndi wa Noring. Amayenda atakolekana mikono ngati mapasa, ngakhale kasekedwe kawo n'kamodzi." Anzanga onse anali pomwepo. Ndinali nditatsegula mpunga wanga, ndinautsekanso.

Choncho musavutikenso kundifunsira. Ndapita ndekha ku ofesi ya zamaulendo, ndalembetsa. Kanyumba ka kumapeto kwa mlatho, kuyambira pa 5 Epulo, dzina langa ndi la mwana wanga. Berting akanditchula adona ndidzayankha, kamodzi kokha pa moyo wanga sikangandiphe.

Chikundisowetsa mtendere ndi Jovelyn. Ndamulembera kawiri, iyi yomwe ndaikamo ndi yachitatu, koma zii. Akudwala? Kapena pali zimene akumva zokhudza ine? Ndikufunsa inu chifukwa ndinu amene mumadya naye.

Ndifika pa 2, mwambo wa kusukulu uli pa 3. Ndamugulira diresi loyera. Ndayerekeza msinkhu pa chithunzi cha chaka chatha, ngati silimukwana mudzandiseke pamenepo.

Delia


Dammam, 9 Malichi 1998

Manang Noring,

Moni wochokera kuuvuni. Msana uli bwino, ndikungowonda ngati nsomba ya padenga.

Kalata yanu ndawerenga kawiri. Manang, ketulo sitsegula kalata yokha. Ine ndimakulemekezani, munatilera tonse amayi atamwalira, koma apa mwalakwa. Tulutsani kalatayo m'mabatanimo lero lomwe. Delia simukumudziwa bwino masiku ano. Ine ndinadutsira ku Hong Kong chaka chija, ndinaona pamene amagona. Sindikuuzani, anandiletsa. Dziwani chabe kuti amene mukumuchitira nsanjeyo akanakhala inu akanavina.

Ngati akufuna kugona pamadzi, msiyeni agone. Inunso tsiku limenelo pemphani tchuthi, mukhale kunyumba, mumete nsidze. Mwana si nkhuku yoti akaipatsa chimanga kwina iiwala khola.

Kalata ino ikudzera pa mnzanga wobwera ku Manila, akuti aiponya akangofika. Munthuyo amakonda mowa, ndiye tipemphere.

Wanu wosamva uja,
Crispin


Taytay, 24 Malichi 1998

Okondedwa Mama Delia,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Mayeso tamaliza, ndakhala wachiwiri m'kalasi. Zikomo chifukwa cha nsapato, ndinapatsa mnzanga Lenlen poti zinali zazing'ono.

Ndamva kwa anthu kumsika kuti mukubwera koma mukagona kuhotela. Ndinachita manyazi chifukwa onse ankadziwa kupatula ine. Nditafunsa Nanay anati n'zoona. Ndinafunsa kuti mukagona ndi ndani, anati, "Ukawafunse okha. Iwe ukudziwa anthu amene amagona m'tinyumba tija." Ndikuwadziwa, Mama. Sindine mwana.

Ngati mwapeza mwamuna, ndi moyo wanu, bambo anamwalira kalekale. Koma mukanandiuza nokha. Chichokereni Khirisimasi simunandilembere, ndimapita ku positi Lachisanu lililonse mpaka a pa windo aja ayamba kundimvera chisoni. Tsopano ndamvetsa kuti munatanganidwa.

Ngati mukufuna kudzandionetsa kwa munthuyo, chonde musandiitane kuchilumbako. Nanay amagwira ntchito kumeneko. Sindingakhale pakhonde ndikumwa madzi a zipatso iwo akukolopa pansi.

Ku mwambo wa kusukulu mukhoza kubwera. Zonse takonza kale, diresi asoka Nanay.

Ndine,
Jovelyn


Taytay, 19 Epulo 1998

Crispin,

Moni. Kalata yako yafika dzana, Delia atanyamuka kale. Mnzako uja umuthokoze, mowa unakoma. Ikanafika nthawi yake sindikudziwa ngati ndikanamvera, koma mwina.

Ndikuuza zonse monga zinachitikira. Makalata a Delia opita kwa mwana anakwana atatu m'chitini muja, chifukwa onse ankadzera mwa ine. Tsiku lililonse ndinkati mawa.

Delia anafika pa 2, ataonda, atavala chipewa chachikulu. Jovelyn anamupatsa moni ngati wopatsa mlendo wa kutchalitchi. Diresi limene anabweretsa linali lokongola kuposa langa, ndipo linamukwana ndendende, koma mwana analipinda n'kuvala losoka ine. Sindikubisira, ndinakondwa. Kusukulu ataitana dzina lake kuti kholo likwere likamuveke mendulo, Delia anayamba kudzuka. Jovelyn ali pansanja anati, "Nanay, bwerani." Mng'ono wanga anatsala chiweramire, osaima osakhala, kenaka anachita ngati akukonza siketi. Ndinakwera ine. Pamenepo chimwemwe chija chinali chitayamba kuwawa.

Pa 5 m'mawa Delia anati, "Mwanangu, longedza, boti likutidikira." Jovelyn anati, "Pitani, Mama. Ndinakulemberani kale maganizo anga." Delia anati sanalandire kalata iliyonse, mwana anangolowa kuchipinda n'kutseka. Delia anagogoda, anapempha, analira. Ine ndili kukhitchini ndikusankha mpunga wosankha kale. Pomaliza anavala chipewa chake n'kupita yekha. Akuti Berting atamutchula adona sanayankhe.

Tsiku loyamba ndinasinthana ndi mnzanga kuti ndisafike mbali imeneyo. Lachiwiri masana mkulu wathu wa ntchito anandiitana. Akuti, "Mlendo wa kanyumba komaliza akukana kuti timukonzere, chakudya akubweza. Si m'bale wako? Tenga mathaulo upite."

Ndinagogoda, zii. Ndinakankha chitseko. Crispin, bedi linali loyalidwa bwino kuposa mmene ndimayalira ine, makapu otsukidwa, m'bafa mowala. Delia anali atagwada pansi, akupukuta galasi loonera nsomba lija ndi kathaulo kakumaso.

Ndinati, "Iwe, ukutani?"

Anati, "Lili ndi zala za anthu."

"Dzuka, imeneyo ndi ntchito yanga."

"Nanga ndizitani, Manang? Ndakhala pampando, ndadzuka. Ndayesa bedi, ndi lalikulu ngati bwalo la mpira. Langa ku Hong Kong lili pamwamba pa makina ochapira, ndikatambasula miyendo ndimagunda chitseko. Sindidziwa kungokhala, ndinaiwala." Anapitiriza kupukuta, osandiyang'ana. Kenaka anati, "Ndinamulakwira chiyani mwana wanga? Makalata atatu, osayankha ngakhale imodzi."

Ndinati, "Sanawaone."

Dzanja linaima. Ndinamuuza za ketulo, za chitini cha mabatani, za Manila. Anadzuka pang'onopang'ono, anandilanda mathaulo aja, anatuluka pakhonde n'kuwaponya onse m'nyanja. Anati, "Katoleni. Si ntchito yanu?"

Ndinati, "Unkafuna kundilanda mwana mwakachetechete."

"Kukulandani? Ndinakusungitsani mwana, Manang, sindinakupatseni!"

"Iwe unamubereka tsiku limodzi. Ine ndamubereka zaka khumi ndi chimodzi, osamutsitsa."

"Ndiye mukuganiza kuti ine ndinali kuti? Kumadyerero? Ndalera ana atatu a eni ake, ndawapukuta mamina, onse akula, akundidutsa pakhomo osandipatsa moni. Wanga mmodzi yekhayo ndimati ali m'manja abwino. Inu mumadya naye tsiku lililonse. Ine ndapempha masiku atatu. Atatu okha, Manang, nawonso mwandidyera awiri."

Mathaulo anali akuyandama, Mjapani wa kanyumba koyandikana akuwajambula. Ndinatsika makwerero aja ndi yunifolomu yomwe, madzi m'khosi, n'kuwatola limodzilimodzi. Aka kanali koyamba kutsika pamenepo. Nditakwera anangoti, "Kanditengereni mwana wanga."

Madzulo ndinakwera boti la antchito, ndinafika kunyumba, ndinaika chitini patebulo. Jovelyn anawerenga makalata onse atatu, kuyambira yoyamba. Atamaliza anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nanay, inu?" Basi, mawu ake anali omwewo. M'mawa anakwera boti la alendo atavala diresi la mayi ake.

Tsiku limenelo ndinali kochapira, kuseri kwa zingwe zoyanikira, kumene umaona tinyumba tonse. Ukukumbuka mmene Delia ankasambirira, kutiposa tonse? Ndinamuona akudumpha kuchokera pakhonde, mutu pansi, mwana akukuwa n'kumutsatira. Kuseka kwawo kunkafika mpaka pamene ndinali. Ukuganiza kuti ndinasangalala? Ndinaluma mlomo mpaka kutuluka magazi. Ndikuuza kuti udziwe mlongo amene uli naye.

Masiku otsalawo anakhala kunyumba, awiriwo chipinda chimodzi. Ine ankandiyankhula za mchere ndi madzi basi. Pali chinanso chimene ndinachita chimene Delia sakuchidziwa, iwenso sindikuuza.

Undipempherere.

Noring


Hong Kong, 3 Meyi 1998

Manang,

Ndafika bwino. Agogo aja sanandizindikire, akundifunsa kuti wantchito wakale uja anapita kuti.

Pabedi panga ndapeza kalata ya Jovelyn ya pa 24 Malichi. Inafika ine nditanyamuka. Ndiye mwamuna wanga uja ali kuti, Manang? Mundionetse, nanenso ndimudziwe. Zaka khumi ndi chimodzi ndadzisunga, Lamlungu kutchalitchi ndi pamakatoni basi, inu n'kundipezera mwamuna ndi mawu awiri okha. Kubisa makalata ndinati ndi mantha. Ichi ndi china. Ndipo taonani mwana amene mwalera: tsiku lonse lija ndinamufunsa chimene anakanira kukwera boti, sanakuululeni. Ankangoti, "Zinatha, Mama."

Sindinakukhululukireni, ndisakunamizeni. Koma nanenso ndili ndi changa choti ndiulule.

Munationa tikusambira, mukuganiza kuti ndinapambana. Tsiku lonse lija mwanayo ankangonena za inu. Kuona mapilo, "Nanay amawaimika chonchi." Kubwera chakudya, "Ichi Nanay sanalawepo." Tisopo tonunkhira tija analongedza n'kuwabwezanso, akuti angaganize kuti mwaba ndinu. Anali atakwiya nanu koopsa, komabe dzina lanu silinachoke pakamwa. Ndinapirira mpaka masana, kenaka ndinachita chinthu chochititsa manyazi. Tili pakhonde, miyendo ili m'madzi, ndinamufunsa kuti, "Pakati pa ine ndi Nanay wako, umakonda ndani?"

Anatulutsa miyendo m'madzi. Anati, "Mama, inunso? Nonse awiri mumandikoka ngati ukonde. Palibe amene wandifunsapo chimene ndikufuna ine."

Ndinamufunsa. Unamwino sakuufuna, magazi amamuchititsa chizungulire, ndipo ine sindinkadziwa. Manila sakumufuna. Koma kukhala pa Taytay n'kulowa ntchito kuhotela, monga munkaganizira inu, sakufunanso. Akufuna uphunzitsi, ku koleji ya ku Puerto Princesa. Mafomu anatenga yekha kwa aphunzitsi ake mu Januwale, ife tili kalikiliki kulimbirana.

Ndavomera. Sukulu ikutsegulidwa mu Juni, ine sindingabwere. Mumuperekeze inuyo, mukaone pogona pake, mukaonetsetse kuti chitseko chili ndi loko. Ndipo mundilembere zonse, osasiyako: anavala chiyani, anadya chiyani m'njira, analira kapena ayi. Zimandiwawa kuti woona ndi maso mukhala inu, koma ndilibe wina womutuma.

Delia


Taytay, 28 Juni 1998

Delia mng'ono wanga,

Moni. Uli bwanji? Za mwamuna uja ndilibe chodzitetezera. Ndinanena, ndinkadziwa mmene amvere, ndipo ndinakhala chete. Ndalakwa. Sindikupempha kuti undikhululukire msanga.

Jovelyn ndinamuperekeza pa 8. Anavala jinzi ndi malaya achikasu aja unamusiyira. M'basi munali fumbi, tinayenda tsiku lonse. Pa Roxas anadya mpunga ndi nkhuku, theka anasiya. Chipinda akugona atsikana anayi, loko ndinagula watsopano, bedi lake lili pawindo. Ndinayamba kumuyalira, anandigwira dzanja, anati, "Ndiyala ndekha." Sanalire. Polawirana anatenga dzanja langa n'kuligunditsa pachipumi pake monga mwa ulemu, koma sanandikumbatire. Ndisanafike pageti ndinamva akuseka ndi anzake atsopanowo.

Masabata atatu apita. Nyumba yakula. Ndimaphikabe mpunga wa anthu awiri, wotsala ndimapatsa galu wa a Berting. Lachisanu lililonse ndikupita ku positi, a pa windo aja amangopukusa mutu ndisanafike n'komwe.

Ndamva kwa Crispin pafoni kuti iwe Jovelyn wakulembera kale kawiri. Kuyambira pamene ndinamva, chakudya sichikulowa. Ndilibe ufulu wopempha, ndikudziwa. Komabe, Delia, ali bwanji? Akudya? Anzakewo ndi abwino? Ngakhale mizere itatu yokha, undiuzeko.

Ndine mkulu wako,
Noring


Hong Kong, 19 Julayi 1998

Manang,

Moni. Kalata yanu ndinaisunga masiku anayi, ndinkafuna mudikire pang'ono. Zinandikoma tsiku loyamba lokha.

Yomwe ndaikamoyi ndi kalata yachiwiri ya Jovelyn. Muwerenge, musaidetse, mundibwezere. Tsamba loyamba ndi lachiwiri ndi anga. Tsamba lachitatu lonse akufunsa kuti madzi akukutungirani ndani, ndiponso ngati mukumwa mankhwala anu a kuthamanga kwa magazi. Akuti ndisakuuzeni kuti wafunsa.

Ine sanandifunse ngati ndikumwa chilichonse.

Muyankheni nokha. Adiresi ili pamwamba.

Delia